Dzina la Mwana wa Gerishon

Mwana wa Yunike anatuluka m'chikuta alibe dzina. Bambo a mwanayo, a Gerishon, anali kundende pa mlandu wootcha makala, ndipo asanamangidwe ananenetsa kuti mwana woyambayu adzamutcha okha.

Koma a Binwell, akulu awo a Gerishon, eee, anthu ena kukonda udindo! Anatulukira ku Matope atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo.

"Mlamu, wandende alibe mawu. Loweruka mwanayu ndimutcha ine."

"Pepani alamu, bambo ake sanafe," anatero Yunike mtima ukuwira. "Anawatsekera, koma pakamwa ali napo."

Kusikelo, a Zaituni azaumoyo atafunsa dzina la mwana, Yunike anagwetsa misozi yaukali. Anafotokoza zonse: ndende ili kutali, sangayende ndi khanda, ndipo wina ku Zalewa anamuuza kuti popanda kangachepe, mkaidi sungamumve mawu.

"Bodza limenelo!" anatero a Zaituni. "Malamulo a dziko lino amati womangidwa apatsidwe mpata wolumikizana ndi banja lake. Ufulu sagula. Imbani ku ofesi ya ndendeyo, mupemphe poyera."

Yunike anaimba. Woyankha anati abwana atuluka. Ataimbanso, akuti ali pamsonkhano. Akanakhala wina akanagwa ulesi, koma Yunike? Ayi ndithu.

"Ndine mkazi wa a Gerishon. Mawa ndiimbanso, mkuja ndiimbanso, mpaka mutope nane."

Anatopa nayedi. Anamulumikiza kwa mayi woona za umoyo wa akaidi, amene anamvetsera bwinobwino nalonjeza kuthandiza.

Loweruka abale atasonkhana, a Binwell akukonza kukhosi, foni inalira. Yunike anaikweza mawu kuti aliyense amve.

"Yunike, ndine."

Mawu anali ofooka, koma anali a Gerishon. Khanda linayamba kulira.

"Akulirayo ndi wangayo?" anafunsa a Gerishon. "Ameneyo ndi Pemphero. Achimwene, mwamva?"

"Ndamva," anayankha a Binwell, uku akuvula jekete ija.

Abale, m'bale wanu akamangidwa musamuyese wakufa, ndipo musapereke chiphuphu kuti mumve mawu ake. Pemphani ku ofesi, akakuzembani pemphaninso, chifukwa ndi ufulu wake. Lero Pemphero akukwawa, ndipo mukafunsa anamutcha ndani, Yunike amayankha mokweza: "Bambo ake!"