Mthunzi wa Nkhuku za Lighton

Chaka chimene fakitale ya nsalu ku Kafue inayamba kuchotsa anthu, Lighton Sakala anali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti asabwerenso. Kandalama komutsanzika nako anakagulira anapiye a mabuloyila ku Lusaka, ochuluka kuposa amene akanakwana m'kakhola kamene kanali kuseri kwa nyumba yake ku Nangongwe. Mkazi wake Fines anamuuza kuti ayambe wamanga kaye, koma iye anati anapiye ndi tinthu tating'ono, khola lidzakula nawo limodzi.

Nkhukuzo zinakula msanga kuposa khola. Pofika mu Okutobala zinali zikupondana, ndipo m'mawa uliwonse Lighton ankatola zina pakona zitafa, zitatsamiridwa ndi zinzake. Ankazikwirira mwakachetechete Fines asanadzuke.

Malo okulitsira khola panalibe. Mbali ina kunali chimbudzi, mbali ina mpanda wa ba Choolwe, mayi wogulitsa nsomba zouma kumsika. Lighton anapita kukawapempha kuti asunthe mpandawo pang'ono, koma anakana mwaulemu. Nyumba za lendi za kumeneko zinali pafupi kugulitsidwa kwa okhalamo, ndipo aliyense ankayang'anira malire ake. Mbali yotsala kunali mtengo waukulu wa mango umene unkaphimba kuseri konse.

Fines atamuona akunola nkhwangwa, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ba Lighton, manje mukadula, mthunzi uzachoka kuti?"

"Malata ni mthunzi," anayankha osadzutsa mutu.

Mtengowo unagwa ndi timango take tosakhwima. Nthambi zowongoka anazisandutsa nsichi, koma zinali zazifupi, motero denga linatsika mpaka munthu kulowa chowerama. Malata anasasula pakhitchini yapanja. Chitseko cha kuchipinda chogona chinakhala chitseko cha khola. Waya atamuthera, m'mbali monse anakhomamo masaka akale a feteleza. Manja anatuluka matuza, koma pamene anatsegulira nkhuku zija n'kuziona zikumwazikana pa utuchi watsopano, anapuma mpweya waukulu. Tsiku limenelo anadya nshima n'kukhuta.

Mawa lake dzuwa linatuluka lopanda kamtambo. Chakumasana Fines anamva khola lili zii, ndipo atasuzumira anathamanga kukaitana mwamuna wake. Mkatimo munali ngati mu uvuni. Nkhuku zinali zitagona pamimba, mapiko atatambasuka, milomo ili yasa. Zina zinali zitagwa kale chagada.

Lighton anathamangira kumpopi, koma unangotulutsa mpweya. Anang'amba masaka aja ndi manja, misomali ikumucheka zala, koma kunja nakonso mphepo inali yotentha. Anaima pakati pa nkhuku zake osadziwa kuti atole iti, asiye iti. Anayamba kuzikupiza ndi malaya ake, akuziyankhula ngati ana odwala.

Ba Choolwe anaona zonsezi ali pampanda. Anangogubuduza mgolo wawo wa madzi mpaka pamalire, n'kuyamba kupatsira ndowa pamwamba pa mpanda. Lighton anathira madziwo padenga, malata akuchita kufuka nthunzi. Fines ankanyamula nkhuku m'chitenje n'kukaziika m'nyumba pa simenti yozizira, pabalaza, m'chipinda, ngakhale pansi pa bedi.

Pamene dzuwa linkapendeka, zakufa zinali mulu pafupi ndi chitsa cha mango. Zimene zinkaoneka kuti sizifika mawa Lighton anazidula khosi, ngakhale zinali zisanakhwime. Amayi awiriwo anazisosola, ndipo Fines anazinyamula m'beseni kupita kumsewu kumene mabasi a ku Lusaka amaima. Kumeneko anapeza akazi a anzake a Lighton a kufakitale, aliyense ndi beseni lake la nkhuku, zonenepa kuposa zake. Anagulitsa zochepa, zotsalazo n'kubwerera nazo. Ba Choolwe anaziwamba pa waya wawo wa nsomba kuti zisaonongeke.

Lighton anakhala pakhonde akumvetsera nkhuku zikulira m'nyumba mwake. Fines anakhala pambali pake, fungo la nthenga zonyowa lili m'manja.

"Sinizakunenani," anatero. "Koma mailo zuba izabwera futi." Ankanena zoona, mawa dzuwa lidzatulukanso.

Ba Choolwe ndiwo anauza Lighton kuti kwawo, kutsidya la mtsinje wa Kafue, amafolera udzu pamwamba pa malata, ndipo anamubwereka chikwakwa cha malemu amuna awo. M'mamawa Lighton anatsikira kudambo la Kafue. Munthu amene anakhala zaka zambiri pa makina oluka nsalu sankadziwa kagwiridwe ka chikwakwa, ndipo udzu wouma unkamubaya m'matuza. Ankamweta, n'kuyang'ana kumwamba, n'kumwetanso. Mtolo usanakwane, dzuwa linali litayamba kale kumuotcha pakhosi. Anamanga umene unalipo, n'kuusenza, n'kuyamba kuthamanga.