Maliro Opanda Nyimbo ku Zingwangwa

A Raymond anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu chemwali wawo, mayi Ida, anali atafika kale pakhomo pa mkulu wa mpingo. Chomwe ankafuna chinali chimodzi basi: mpingo udzayimbe maliro a mchimwene wawo.

Ngati inu simunawadziwe a Raymond, kafunseni makolo anu. Ndi aja ankaliza gitala m'maholo a ku Ndirande ndi ku Bangwe nthawi ya chipani chimodzi, anthu n'kuvina mpaka nsapato kung'ambika. Kanyimbo kena kodandaula za kusowa kwa sopo kanawagoneka m'ndende zaka ziwiri, mlandu osazengedwa. Mmenemo anapezamo buku limodzi lokha, la nyimbo za kutchalitchi, lothothoka masamba, ndipo analiloweza lonse. Ukangotchula nambala, iwo n'kuyamba, osaphonya ndi vesi limodzi lomwe. Koma atatuluka anabwerera ku gitala, poti ndilo linali khasu lawo. Mpingo unawadula chifukwa choyimba m'mabala.

Bambo Likoswe, mkulu wa mpingoyo, anawapepesa mayi Ida mwaulemu. Kenaka anatulutsa buku la mayina a Akhristu, nanyowetsa chala ndi malovu, n'kuyamba kutsegula. Dzina linalimo, koma lokhwatchidwa ndi inki yofiira.

"Mayi, mukuona nokha," anatero bambo Likoswe. "Anadulidwa kalekale, ndipo sanabwerere."

"Koma bambo, mtima wawo unali utabwerera. Nyimbo za m'buku ankazidziwa kuposa ine ndi inu."

"Mtima amaona ndi Mulungu, mayi. Ife timaona bukuli. Tibwera kudzakhuza ngati anansi, koma yunifomu ayi, nyimbo ayi. Lamuloli inu mumalidziwa kuposa ine."

Apo ndiye panawawa zedi. Mayi Ida anali atatsogolera amayi a mpingo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndi pakamwa pawo pomwe anauzapo amayi kangapo kuti akavule mabulauzi oyera, malirowo si a Mkhristu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma chomwe chinkawavutitsa pobwerera kunyumba sichinali lamulolo. Mu Januwale a Raymond anabwera kwawo atavala jekete, ataonda ndi matenda a shuga, n'kukhala pampando ngati mlendo.

"Achemwali, mundiperekeze kwa akulu a mpingo," anatero. "Ndikufuna kubwerera, koma ndekha ndikuchita manyazi."

"Dikirani kaye Pasaka idutse, achimwene. Panopa tatanganidwa."

Kutanganidwa kwake kuti! Loweruka lapitalo anthu anali atawaona a Raymond akuliza gitala pa botolositolo ina ku Chilomoni, ndipo chisankho cha mtsogoleri wa amayi a mpingo chinali pafupi. Mayi Ida sanafune kuti aoneke akulowa pabwalo la tchalitchi ndi munthu wa m'mabala. Pasaka inadutsa, chisankho anapambana, n'kunenanso kuti mwezi wamawa. A Raymond sanakumbutsenso. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo nkhaniyi mayi Ida sanauzepo munthu aliyense.

Lachinayi anthu anadzaza pakhomo mpaka mumsewu. Panali azibambo a imvi amene anapezera akazi awo ku madansi a malemuyo. Amayi a mpingo anabweradi, koma m'zitenje wamba, n'kukhala pansi mwakachetechete.

Abale inu, maliro opanda nyimbo ndi chinthu choopsa. Umamva chilichonse: wina akukhosomola, mbale zikugundana kuseri, kondakitala wa minibasi akuitanira anthu a ku Limbe. Ngakhale olira ankalira pang'ono n'kusiya, poti panalibe nyimbo yoti iwanyamule.

Bokosi litakwezedwa pa lole, mkulu wina wovala chisoti choyera anasendera pafupi ndi mayi Ida. Anali a Fadili, Msilamu wa ku Mbayani, amene ankayimba ng'oma mu bandi ya a Raymond.

"Chemwali, pepani, za kwanu kutchalitchi ine sindizidziwa," ananong'ona a Fadili. "Koma munthu anatiyimbira moyo wake wonse. Tipita naye chonchi, ngati thumba la makala?"

Mayi Ida anakwera pa lolepo. Njira yonse ya kumanda anangogwira bokosilo, lole ikuwagwedeza m'maenje.

Adzukulu anatsitsa bokosi. Bambo Likoswe anayankhula mawu ochepa othokoza anthu, n'kukodola adzukulu kuti ayambe kukwirira. Pamenepo mayi Ida anaimirira. Ankadziwa bwino lomwe kuti mtsogoleri akayimba nyimbo ya mpingo pamanda a munthu wodulidwa, Lamlungu lake amayitanidwa kwa akulu, ndipo bulauzi yoyera amaivula. Komabe anatsegula pakamwa.

Anayambitsa nyimbo ya mtundu uja woti mtsogoleri amaponya mzere, gulu n'kuvomera. Anaiyimbitsapo pamaliro osawerengeka, ndipo amayi onse amene anakhala pamenepo anawaphunzitsa ndi iwo. Mawu anatuluka osasa, koma anatuluka. Anamaliza mzere woyamba n'kudikira.

Zii.

Amayi aja anazolika, maso pa dothi. Mmodzi anatsegula pakamwa, nayang'ana kwa bambo Likoswe, n'kudzitseka ndi chitenje. Azibambo a madansi aja anayang'anana, mawu ake osawadziwa. A Fadili misozi inali chuchuchu, koma nawonso akanavomera chiyani?

Mayi Ida anaponyanso mzere womwewo, mokweza, akuyang'ana amayi a mpingowo mmodzimmodzi. Palibe anadzutsa mutu. Ndipo chinawabaya mumtima n'chakuti pa anthu onse amene anali pamandapo, munthu yekhayo amene akanawavomera mosaopa, mavesi onse osaphonya, ndi amene anali m'bokosimo.

Anavomera okha. Anaponya mzere wachiwiri, n'kudzivomeranso okha, mpweya ukuwathera. Adzukulu anaima ndi makasu m'manja mpaka vesi lomaliza.

Atamaliza anagwada m'mphepete mwa dzenje.

"Achimwene, ndabwera kudzakuperekezani," anatero. "Pepani, ndachedwa."