Poyera Paja

Wojambulayo anayenda maiko zaka makumi anayi. Kwina anaphunzira kupera miyala kuti ikhale utoto, kwina kugwira burashi ngati dzira. Chovuta kwambiri anachiphunzira atamera kale imvi: kudziwa polekera, n'kusiya mbali ya chinsalu ili mbee kuti chithunzi chizipuma.

Atabwerera kwawo, anapachika pabalaza chithunzi chomwe ankachinyadira: kambalame kamodzi pakona, ponsepo poyera. Tsiku lina pochokera kuchipatala, anapeza mlamu wake, wolemba zikwangwani za masitolo, akupukuta m'manja. Poyera paja panali mapiri obiriwira, dzuwa ndi ng'ombe ziwiri zonenepa.

"Ndinaona kuti utoto unakutherani, alamu," anatero mlamuyo akumwetulira. "Musavutike n'kuthokoza. Koma zaka zonsezi kunjako, osakuphunzitsani kumaliza ntchito?"