Chitseko cha Ng'anjo

Tinawotcha maulendo khumi ndi umodzi, ndipo ulendo uliwonse zinkatuluka ndi ming'alu. Ntchito yathu muno mumzinda wa Aveiro ndi yoyala dothi loyera mopyapyala kuposa tsitsi, n'kuliwotcha kuti likhale kachikopa kolimba koika m'kati mwa batire yopanga magetsi pogwiritsa ntchito gasi. Kakang'aluka pang'ono pokha gasi amadutsa, ntchito yonse n'kulowa m'madzi. Akuluakulu anali atanena kale kuti zikakanikanso Lachisanu atseka chipinda chathu cha kafukufuku, ine Graciete ndizikatsuka mabotolo. Nditagwira ntchito zaka makumi awiri, ndikathere kumabotolo? Zinandiwawa zedi.

Wotiwonongera ndinamugwira Lolemba, ndipo anali bwana wanga yemwe, Dokotala Valdemar. Ndinawapeza atatsegulako chitseko cha ng'anjo ikadali yotentha, atapinga ndi kanjerwa.

"Adokotala, mukutani?"

"Ndikungoipumitsa, Dona Graciete. Bambo anga ankatero ndi matailosi moyo wawo wonse, silinaswekepo ndi limodzi lomwe."

"Matailosi a bambo anu anali ochindikala ngati buledi! Izi zimafuna kuzizira zokha."

"Nthawi, mayi, nthawi tilibe!"

Ndinasakaniza dothi lina, ndinayala, Lachitatu n'kulowetsa m'ng'anjo. Moto utazima Lachinayi m'mawa, ndinamasula chogwirira cha chitseko n'kuchiponya m'chikwama changa, momwe munali nsomba yanga ya masana.

Sipanathe ola, abwana atulukira ndi kanjerwa kawo.

"Chogwirira chili kuti?"

"Chapita kokayenda. Chibwera mawa."

"Mukudziwa kuti ndikhoza kukuchotsani ntchito?"

"Mundichotse mawa. Lero ng'anjo ndi yanga."

Anazungulira ng'anjoyo kawiri akung'ung'udza, kenako anamenyetsa chitseko cha ofesi. Kunena zoona mantha ndinali nawo, koma chikwama sindinachisiye, ngakhale popita kuchimbudzi.

Lachisanu ndinabwezera chogwirira n'kutsegula ng'anjo itazizirira. Ndinanyamula kachikopa kamodzi mpweya nditaugwira, n'kukamanga pamakina oyesera. Timapopera gasi mbali imodzi n'kuyang'ana singano yoonetsa kuchuluka kwa gasiyo. Ikatsika, ndiye kuti kakudontha. Ine ndi adokotala tinaima pamenepo mphindi khumi.

Singano sinasunthe.

Adokotala anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndinali ine?"

"Munali inu."

Anatenga foni n'kuimbira akuluakulu ine ndili pomwepo. "Chipinda musatseke," anatero. "Graciete wakonza zimene ndinkawononga ine."

Ndinafufuza mpando n'kukhala pansi.