Nambala ya Daka

Stanislaus Daka anakhuthulila sutikesi pamphasa kachitatu. Ovolosi ziwili, magolovesi achikopa, majombo, chisoti chowotchelela chija cha galasi lakuda, zonse zinalipo. Kachikwama ka mapepala nakonso kanalipo, koma munali khadi ya kuchipatala ndi kalata ya ukwati basi.

Panali patapita zaka ziwili chithyokele mwendo, tsiku limene paipi inapulumuka pa unyolo n'kumugwela. Zaka zonsezo anali kwawo ku Nyampande, kufupi ndi Petauke, akulima lepu ndi matimati kudimba. Ndiye Lachitatu a Sakala, kapitawo wake wakale, anaimba foni: kwapezeka nchito yowotchelela mapaipi a madzi kumigodi ya ku Solwezi. Lolemba m'mawa akhale atafika, setifiketi ndi khadi ya nambala zili m'manja. Tsikuli linali Lachisanu.

"Amake Rosa, mapepala anga ali kuti?"

Mkazi wake Yvonne anali pakhomo akupaka polishi majombo ena akale. Sanadzutse mutu.

"Mwayang'ana bwino m'thumba la jekete?"

"Nafunsa kuti ali kuti."

Bulashi inaima. Yvonne anapukuta manja pachitenje nthawi yaitali, ngati polishiyo yakana kuchoka.

"Webster anabwela chaka chatha, inu muli kudimba. Anati afuna kuona chabe mmene setifiketi imalembedwela, abweza mailo lake."

"Chaka chatha!"

"Ndi mlongo wanga, bambo a Rosa. Ana ake anali kugona ndi njala. Ndipo inu munali kukamba kuti kumapaipi simudzabwelelanso."

Stanislaus anavala nsapato, nauyamba ulendo wa ku Nyimba, kumene Webster anali kukhala.

M'minibasi mwendo unayamba kuwawa chifukwa chopanikizana, koma mtima wake unali pa khadi ija. Wowotchelela mapaipi aliyense ali ndi nambala yake, imene amailemba pambali pa joini iliyonse akamaliza. Joini ikadontha, akuluakulu safunsa nkhope, amawelenga nambala. Yake inali 417, ndipo zaka khumi ndi chimodzi inali isanabwezedwepo.

Anamupeza Webster pashedi yake ya malata m'mbali mwa msewu waukulu, atawelama pa felemu ya chitseko. Malaiti kunalibe, kajeneleta kanali kulila ngati kali ndi chifuwa. Ataona mlendo, anakweza magalasi pamphumi n'kuseka kuseka kwa mano okha.

"Alamu! Mwabwela popanda foni? Samalani maso, koma kaya, wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

"Zima chinthu icho."

Jeneleta itazima, panakhala bata loti ngakhale malata anamveka akuthetheka ndi dzuwa. Webster analowa kuseli n'kubwela ndi envulopu yothimbilila. Setifiketi inali yopindika pakati. Pakhadi, chithunzi cha Stanislaus chinali chitamatulidwa n'kumatidwanso mokhota, ndipo m'mphepete munatsala zomatila zakuda.

"Unaikapo nkhope yako," anatelo Stanislaus.

"Miyezi itatu chabe, alamu."

"Kuti?"

"Ku Solwezi komweko. Kakampani kang'ono, sanayang'anitsitse."

"Nanga unachokako bwanji?"

Webster anayamba kutola tizidutswa ta malodi owotchelela pansi, kamodzikamodzi.

"Paipi si felemu ya chitseko, alamu. Ine ninali kuona monga ni chimodzimodzi. Pamwamba majoini anali kuoneka bwino. Manje atabwela ndi makina aja ounika mkati, anapeza tumabowo. Majoini naini anadula. Imodzi inaphulika poyesa madzi, munthu anavulala dzanja."

"Unalembapo nambala iti?"

Webster analoza khadi ija ndi kachidutswa ka lodi. Stanislaus anayang'ana nyundo imene inali pabenchi, kenaka anaika manja ake onse awili m'matumba.

"Ukudziwa kuti makampani amauzana? Lolemba nikapeleka khadi iyi, adzaona 417 pa mndandanda wa anthu oletsedwa. Ine amene ninali kuthilila matimati!"

"Mungokamba kuti mapepala anabedwa. Ndani adzadziwa?"

"Ndiye nikalembetse bodza kupolisi, nisaine dzina lomwe waliipitsa kale?"

Anatulutsa foni n'kuimbila a Sakala, naikweza mawu kuti Webster amve yekha. Anafotokoza zonse osabisa, kupatula dzina la mlamu wakeyo. A Sakala anapuma mpweya wautali.

"Daka, nkhani ya 417 ninaimva, koma ninati ni kulakwitsa kwa ofesi, chifukwa dzanja lako nilidziwa. Manje mvela. Mawu ako okha sangakwanile. Munthuyo abwele adzavomele pamaso pa mabwana. Akatelo, nidzakupemphela mayeso atsopano, uwotchelele paipi iwo akuona."

"Nanga iye adzamuchita chiyani?"

"Icho siningalonjeze. Mwina adzangomulembetsa kalata, mwina adzaitana apolisi. Paja pali munthu anavulala. Ukabwela wekha, malo ako nipatsa wina. Anthu ali pamzele."

Foni itaduka, Webster anakhala pachigubu.

"Alamu, mkazi wanga Rachael ali ndi pakati pa miyezi seveni. Akanitsekela, adya chiyani?"

"Nanga Rosa wadya chiyani zaka ziwili? Lepu?"

Foni inalilanso. Anali Yvonne.

"Bambo a Rosa, musamupeleke. Nalakwa ndine. Chibale ni fupa, sichiola."

"Mlandunso suola, amake Rosa," anatelo, n'kudula.

Anaima pakhomo la shedi akuyang'ana malole akudutsa. Khoswe anali atakhala pamkhate: kumuponya mwala, mkhate usweka. Akamukoka Webster ndi mphamvu, m'nyumba mwake simudzakhalanso mtendele. Akamusiya, nchito yapita, ndipo dzina lidzakhala lakuda mpaka kumanda chifukwa cha majoini amene sanawaonepo n'komwe.

Anaika envulopu m'thumba la malaya n'kutembenuka.

"Sinidzakumanga chingwe, Webster, sindiwe mbuzi. Kupolisi sinipita, ndipo dzina lako sininatchule, wamva wekha. Mailo m'mawa nikwela basi yoyamba ku Petauke. Pano imafika cha m'ma naini. Ine sinidzatsika."

"Mukapita nokha mukakamba chiyani?"

"Nikakamba zoona. Akanikana, nidzabwela kudzalima matimati. Koma iwe ukamadzabwela kwathu, uzidzadziwa amene wanikhazika kudimbako."

Madzulo kunyumba sanakambe zambili. Yvonne anasita ovolosi zonse ziwili ngakhale zinali zosita kale, nakazinga nshawa zapaulendo.

M'mawa mwake basi inanyamuka mochedwa. Stanislaus anakhala kuwindo la kumanzele, chikwama chili pampando wa pambali. Kondakitala atamuuza kuti achichotse, anati pali munthu akwelela kutsogolo, nalipila mipando iwili. Njila yonse sanaone minda kapena mapili. Ankangotambasula zala za dzanja lamanja ndi kuzipinda, akudzifunsa ngati zikumbukila nchito.

Pa Nyimba basi isanaime n'komwe, azimayi a nthochi anaizungulila, mabeseni ali m'mwamba. Stanislaus anayang'ana nkhope imodziimodzi. Anayang'ana kushedi: chitseko chinali chotseka, ndipo panalibe munthu. Okwela atatu analowa. Dalaivala analiza hutala, kondakitala anamenya chitseko, basi inayamba kuyenda.

Kenaka wina anagogoda kumbuyo mwamphamvu. Basi inaima monyinyilika. Webster analowa akupuma wefuwefu, atavala malaya oyela a kutchalitchi, kachola ka pulasitiki kali m'manja. Panja, Rachael anaima patali ndi anthu, dzanja lili pamimba, osakweza mkono.

Stanislaus ananyamula chikwama n'kuchiika pamiyendo. Webster anakhala, maso ali kutsogolo.

"Rachael wati nikabwelenso kunyumba," anatelo motsitsa mawu.

"Wadya?"

"Iyayi."

Stanislaus anamasula kathumba ka nshawa n'kukaika pakati pawo. Mpaka pa mlatho wa Luangwa palibe anatapako.