Maloboti pa Simenti Yowala

"Ndiye abwera angati?"

"Sikisi."

"Munati masukulu thwelofu."

"Ndinati ndaitana thwelofu. Avomera sikisi, kuphatikizapo ifeyo."

Ahedi anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati mwana wa Fomu 1 amene wabwera ku asembule atavala patapata. Linali Lachinayi, tili mu ofesi mwawo. Ine ndimaphunzitsa fizikisi, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikuyendetsa kalabu ya maloboti m'kachipinda ka kuseri kwa labu. Kachipindako kali ndi soketi imodzi yogwira ntchito, tebulo lopendekeka, ndi ana khumi ndi anayi amene amachita kuthamangitsidwa kuti azipita kwawo. Ahedi ankakafuna kuti azisungiramo madesiki othyoka.

"Mpikisano waukulu unatha kalekale," iwo anatero. "Munabwerako ndi chiyani? Satifiketi yosonyeza kuti munafika."

"Uwu ndi wathuwathu, bwana. Woti ana asaiwale poyembekeza wa chaka chamawa."

"Loweruka kubwera apampando a komiti ya sukulu. Akaona zidole zanuzo zikuchita chinthu chooneka ndi maso, chipinda n'chanu. Zikalephera, Lolemba makiyi ndiwapeze patebulo pano."

Masewerawo ndinawakonza osavuta dala. Pa simenti ya m'holo timamata tepi yakuda, mzere wokhotakhota. Loboti imatsata mzerewo yokha, popanda woigwira, mpaka ikafike pa kathabwa, ikanyamule, ikaponye m'bokosi. Loboti ilibe maso. Ili ndi sensa kumimba, kachipangizo kamene kamawalitsa pansi n'kudikira kuti kuwalako kubwerere. Tepi yakuda imameza kuwala, simenti imakubweza. Nzeru zake zonse n'zimenezo: pakuda pita, powala khota. Ndikudziwa anthu amene akwezedwa pantchito ndi nzeru zochepera pamenepo.

Lachisanu masana tinayala bwalo. Mpanda wa matabwa anakhoma ndi mlamu wanga, kalipentala, amene sagwira ntchito pakamwa pali potseka.

"Alamu, zaka zinayi ku yunivesite kuti mudzamate tepi pansi? Mlongo wanga ndinamuuza ine kuti akwatiwe ndi dalaivala."

"Khomani msomaliwo, alamu."

"Ndikukhoma. Koma mwana wanu akadzafunsa kuti adadi amagwira ntchito yanji, ndidzati amaweta mawilibala."

Sanalakwitse kwenikweni. Loboti yathu dzina lake ndi Wilibala, chifukwa cha maonekedwe. Anaipanga ndi mtsogoleri wa timu, mtsikana wa Fomu 4 amene anzake amamutcha Sipanala. Mota anaichotsa m'pulinta yakufa, matayala anawadula ku chubu cha njinga. Anthu akwawo amafuna kuti adzakhale namwino. Iye amati magazi amawaopa koma girisi ayi. Madzulo amenewo anaiyesa Wilibala kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri kathabwa kanagwera m'bokosi.

"Sala, mawa tiwadya osatafuna," anatero.

Potuluka ndinakumana ndi a Makiyi, bambo amene asamala holoyi kuyambira ine ndisanaphunzire kuwerenga.

"Ndamva kuti mawa kuli alendo, aphunzitsi."

"Eya, bambo, ndi apampando omwe. Holoyi ioneke bwino."

"Musade nkhawa. Simuchita manyazi."

Loweruka m'mawa nditatsegula chitseko, fungo la polishi linandilonjera. Simenti inali kunyezimira kuchokera pakhomo mpaka kusiteji, moti mawindo ankaoneka kawiri, m'mwamba ndi pansi. Ndinasangalala. Zimenezi ndikuzilemba kuti zidziwike: munthu wa digiri ya fizikisi anaima pakhomopo, nasangalala.

Matimu anafika ndi maloboti m'makatoni. Apampando anakhala kutsogolo pambali pa ahedi. A Makiyi anaima pafupi ndi chitseko atavala jekete limene ndinali ndisanalionepo.

Oyamba anali a sukulu ya mishoni, loboti yawo yogula, yokhala ndi magetsi abuluu. Inanyamuka mwaulemu, inadumpha mzere ngati palibe, n'kukagunda thabwa la mlamu wanga. Holo yonse inafa ndi phwete. Yachiwiri inangozungulira pamalo amodzi ngati galu wofuna pogona. Yachitatu inabwerera m'mbuyo. Kuseka kunayamba kuchepa. Pofika yachisanu, munkangomveka kulira kwa timota.

Sipanala anaika Wilibala pamzere, anapukuta manja pasiketi, n'kudina batani. Wilibala inanjenjemera, inayang'ana kumanzere, kumanja, kenako inanyamuka ulendo wa kumapazi a apampando. Iwo anakweza miyendo.

"Sala, sindinasinthe chilichonse," Sipanala ananong'ona. "Ndikulumbira. Ngakhale waya umodzi."

Ndivomere kuti pansi pa manthawo ndinamva kakukoma kena, kamene ndimamva ndikapatsidwa funso lovuta. Maloboti sikisi, opangidwa ndi manja osiyana, mabatire osiyana, mapulogalamu osiyana, koma onse adwala nthenda imodzi tsiku limodzi. Sanagone nyumba imodzi. Sanamwe chitsime chimodzi. Chimene agawana n'chiyani? Ndinagwada kuti ndione ngati tepi yamatuka. Sinamatuke. Ndinaona nkhope yanga pa tepi yakudayo: mphuno, tayi, ndi pakamwa pali yasa.

Polishi anali paliponse, pa simenti ndi pa tepi pomwe. Kwa ife mzere unali wakuda bii. Kwa sensa, holo yonse inali galasi limodzi lalikulu, lopanda njira. Funsolo ndinaliyankha m'mphindi zinayi, ndipo mphindi zimenezo ndi zokhazo zimene ndinagwira bwino ntchito tsiku lonse.

Tinayesa kumata tepi yatsopano pamwamba. Pa polishi tepi sigwira. Inkapindika m'mbali ngati tsamba louma. Tinabweretsa ndowa, sopo ndi zikolopa, ana a masukulu sikisi atagwada mu yunifolomu. Madzi ankangoyenda pamwamba timibulumibulu. Pamene tinakwecha kwambiri panasanduka phala loterera, ndipo matayala ankangopota osasuntha. Mlamu wanga anabwera ndi sandipepa, anakwecha kadera kotalika ngati mkono, anayang'ana mamita makumi awiri otsalawo, n'kukhala pansi.

Tinanyamula matabwa kupita pabwalo la netibo. Kumeneko dzuwa la masana linachititsa khungu masensa onse. Makalasi anali okhoma chifukwa munali mutayalidwa kale madesiki a mayeso, ndipo ahedi anati desiki ngakhale imodzi isasunthe.

Titabwerera m'holo, a Makiyi anandiyandikira. Anali ataona ana akukwecha pansi, ndipo nkhope yawo inali yakugwa. Mawondo a thalauza lawo anali akadali ndi madontho a polishi.

"Aphunzitsi, kodi sipanawale mokwanira? Ndinapaka katatu. Watsala pang'ono m'chitini, ndikhoza kuwonjezera."

Sipanala anatsegula pakamwa. Ndinamugwira paphewa.

"Pawala, bambo," ndinatero. "Sipanawalepo chonchi."

"Nanga anawa akuchotseranji?"

Ndinayamba kufotokoza za sensa, za kuwala kobwerera. Ankagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira ana anga m'kalasi akakhala kuti atayika kalekale. Koma mawu akuti polishi anawamva, ndipo anawamva kangapo. Anavula jekete lija, analipinda bwinobwino, anatenga chikolopa m'manja mwa mwana wina, n'kugwada.

Ahedi anandiitanira pambali.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ndine. Ndinawauza kuti holo ioneke bwino."

"Ndiye kuti zidole zanuzi zimagwira ntchito pauve pokha?"

Ndinafufuza cholakwika m'funsolo. Sindinachipeze.

Itakwana 2 koloko, madalaivala a minibasi za alendo anayamba kuliza mahutala. Mphunzitsi wa ku mishoni anandigwira chanza nati chaka chamawa tidzachitire kwawo, kuli matailosi osawala. Makatoni anatuluka imodziimodzi. Chikho chimene mlamu wanga anasema chinatsala pasiteji, popeza panalibe loboti imene inafika ngakhale pa kona yoyamba. Apampando anaimirira, anayang'ana pansi, kenako anayang'ana ahedi.

"Koma holoyi mukuisamala," anatero, n'kumapita.

Tinanyamula katundu kubwerera ku kachipinda kathu. Ana ambiri anali atazemba osatsanzika; anatsala asanu. Pansi pa m'kachipindamo ndi pokumbikakumbika, sipanaonepo polishi chimangidwire, ndipo pali mzere wathu wakale woyeserera. Sipanala anaika Wilibala pamenepo, n'kudina batani. Inatsata mzere, inakhota makona onse, inanyamula kathabwa, inaponya m'bokosi. Anaibwezera poyambira. Inachitanso chimodzimodzi. Palibe anawomba m'manja.

Ahedi anatulukira pakhomo. Ndinaganiza kuti aona, ndipo ndinapatuka kuti ndisawatchinge. Koma maso awo sanali pansi. Anatambasula manja kuyeza kukula kwa chitseko, kenako anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda, kuwerengera kuti madesiki angasanjikizane angati.

Sipanala anazimitsa Wilibala. Anayang'ana ahedi, anayang'ana ine.

"Ndiye Lolemba tibwere kapena tisabwere?"