Pusi Wong'ambika Khutu

Chaka chimene Levison anabwerako ku migodi ya ku Wankie, anapeza mkazi wake Rhoda atasanduka katswiri wa kulira kwa apusi. Munda wawo wa chinangwa unali paphiri, kumtunda kwa Usisya, ndipo zaka zitatu zonse zimene mwamuna wake anali kumigodi, Rhoda anazithera m'mundamo akulimbana ndi mbava zamichirazi.

"Akakuwa mokhosomola, aona kambuku, ndipo onse amathawira kunsonga za mitengo," anamufotokozera. "Chiwombankhanga chili ndi kulira kwakenso, amalowa m'zitsamba. Ikakhala njoka amaima ndi miyendo iwiri, maso ali mu udzu."

Levison anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amake Bester, mwakhalitsa nokha inu."

M'mawa mwake Rhoda anamutengera kumunda. Anapeza apusi ali kalikiliki kufukula chinangwa. Rhoda anabisala kuseri kwa mtengo wa msuku, nakokera mpweya, nakuwa ngati pusi amene waona kambuku. Kuphethira kamodzi, gulu lonse linali m'mwamba. Levison anangovula chipewa.

Nkhani inawanda. Amayi ena anapalasa bwato kuchokera ku Ruarwe kudzaphunzira, ndipo Levison ndiye ankawalandira monyada ngati nzeruyo anabwera nayo ndi iye.

Koma m'gulumo munali pusi wamkazi wokalamba, wong'ambika khutu. Tsiku lina Rhoda atakuwa, iye sanakwere. Anayenda pang'onopang'ono, nasuzumira kuseri kwa msuku, maso ake ndi a Rhoda n'kuphana. Kuyambira pamenepo, Rhoda ankakuwa mpaka mawu kusasa, apusi osatekeseka.

Patapita sabata, Rhoda ndi Levison atakhala pansi akusendera chinangwa m'dengu, Wong'ambika Khutu anakuwa mwamphamvu ali pamtengo.

"Kambuku!" anatero Rhoda. "Ameneyu sakunama, thawani!"

Anatsetsereka phirilo osacheuka, Levison patsogolo. Anabwerera ndi amuna asanu onyamula mikondo. Anafufuza paliponse, koma phazi la kambuku silinaoneke. Dengu lokha ndilo linali gada, lopanda kanthu, ndipo pathanthwe panakhala nkhalamba ija, chinangwa chosenda kale m'manja onse awiri.

Amuna aja anaseka mpaka kutsamira mikondo. Rhoda anayesa kukwiya, koma zinamukanika.

"Nanga pano akuti chiyani?" anafunsa Levison, akupukuta thukuta.

"Palibe," anatero Rhoda, akutola dengu lake. "Akungotafuna."